Pampu ya Ndaziona ndi Mpando Umodzi

Kalekale, masiku amene ana ankapita kusukulu ndi mbatata yootcha m'thumba, kumudzi wina kuseri kwa mapiri a Dedza kunali mtsikana dzina lake Ndaziona. Mudziwo ndinaudutsa pa maulendo anga aja, ndipo nkhaniyi ndinaipeza isanazizire.

Chaka chimenecho kunabwera mpikisano. Mwana aliyense wa Sitandade 8 anayenera kupanga chipangizo chothandiza pamudzi, ndipo wopambana m'boma lonse akachionetse ku Lilongwe. Aphunzitsi a sayansi, a Kamwendo, anagawiratu ntchito: anyamata zamawaya, atsikana zoluka.

"Ine ndipanga pampu yotungira madzi," anatero Ndaziona.

"Iwe? Pampu si mtondo, mwanawe."

"Amene amathyoka msana pachitsime ndife, aphunzitsi. Mudzaiona."

Anayankha bwino, koma m'manja analibe kanthu, ndipo masabata anali atatu okha.

Anayambira kwa amalume ake, a Chimtengo, eni mbumba. Pampuyo inkafuna wilo la njinga lozunguza chingwe, ndipo njinga pamudzipo inali imodzi, yawo, yopitira kukagulitsa anyezi ku Lizulu. Akazi awo anati, "Mukachotsa wilo, anyeziyo muzisenza pamutu." A Chimtengo anatenga sipanala. "Mutuwo ndi wanga. Kamwendo asanyoze mbumba yanga ine ndikupuma." Kuyambira tsikulo ankapita kumsika wapansi, thumba lili pamutu, anzawo akuwaimbira belu powadutsa.

Koma wilo lokha silitunga madzi. Wodziwa luso anali bambo ake a Ndaziona, a Filimoni, mmisiri wokhoma zidebe. Iwowa anali mkamwini wothamangitsidwa. A Chimtengo omwewo ndi amene anawaponyera katundu panja zaka zisanu m'mbuyomo chifukwa cha kachasu, n'kuwaletsa kupondanso pamudzipo. Uthenga utawapeza ku Mitundu, a Filimoni anabwera n'kudzakhala tsidya la mtsinje, pomwe mudzi umathera. Masiku khumi mwana ankawoloka, iwo n'kumamuuza kadulidwe ka timalabala tozungulira ta matayala akale, katalikirane kake pachingwe, ndi kalowetsedwe ka chingwecho mupaipi. Mpeni sanaugwire ngakhale kamodzi. "Akakakufunsa kuti wapanga ndani, ukawaonetse zipsera zili m'manja mwakozo." Masiku khumi onsewo kachasu sanamulawe, anakhala pamwala womwewo.

Ndiye panali amayi ake, a Nankhoma. Tisabise, iwowa ndi amene chaka chapitacho anauza mwanayu kuti asiye sukulu azilera khanda. Sabata ya mpikisano inagundana ndi chinamwali, ndipo anamkungwi anabwera kudzamutenga Ndaziona, poti anali atatha msinkhu.

"Mwambo sudikira mapepala a kusukulu," anatero anamkungwi.

A Nankhoma anaima pakhomo, manja m'chiuno. "Chinamwali chidzakhalaponso chaka chamawa. Sabata ino mwanayu satuluka muno."

Amayi anzawo anasiya kuwapatsa moni pachitsime. Ngolo imene inayenera kunyamula pampu inali ya amuna awo a anamkungwi, ndipo tsiku litafika, akuti ng'ombe zonse zinadwala. A Nankhoma anapinda nkhata, anasenza wilo ndi mapaipi, khanda kumsana, mpaka kuboma. Anafika miyendo itatupa, oweruza atatsala pang'ono kutseka chipata.

Ndaziona anazunguza wilo, madzi anakhuthuka mpaka kunyowetsa nsapato za oweruza. Amene anaomba m'manja kwambiri anali a Kamwendo.

Kenaka inabwera kalata yoti Ndaziona wapambana. Galimoto ya boma idzafika Lolemba m'mawa. Mwana apite ndi kholo limodzi, lodzaima naye pamaso pa anthu. Mpando ndi umodzi.

A Chimtengo, a Nankhoma ndi mwana anakumana pamtsinje paja, a Filimoni ali tsidya lawo lomwelo.

"Palibe mlandu apa," anayamba a Chimtengo. "Tambala ntchito yake n'kulira, alamu. Anapiye ndi a mwini khola."

"Popanda tambalayu, alamu, wilo lanulo likanatunga mphepo."

"Ndipo inu mukanazunguza chiyani? Botolo?"

"Mwatha, madoda?" anafunsa a Nankhoma. "Pampu yanuyo ili ndi miyendo? Inu achimwene, zikatha izi mubwezera wilo panjinga. Inu bambo a Ndaziona, mubwerera kwanu. Ine nditsala muno, anthu osandilankhula."

Onse anatembenukira kwa mwana.

"Ndipita ndekha," anatero Ndaziona.

A Kamwendo, amene anabweretsa kalatayo, anapukusa mutu. "Wopanda kholo sakwera. Ukapanda kutchula munthu, apita mnyamata amene anakhala wachiwiri."

"Munandiuza kuti ndipange chipangizo, ndapanga. Zosankha pakati pa makolo anga simunandiphunzitse, aphunzitsi, ndipo sinditchula munthu."

Ine ndinachoka Lamlungu, atatuwo asanagwirizane, mwana asanatchule munthu.

Tsono inu mwamva nonse. Galimoto yaima pamsewu, dalaivala akuliza hutala. Akwere ndani ndi Ndaziona: amalume amene anapereka wilo, bambo amene anapereka luso, kapena mayi amene anadana ndi mudzi wonse?