Wotcha Dzina Mwana wa Ndaziona

Kalekale, koma osati kale loti n'kuiwalika, kunali mtsikana dzina lake Ndaziona. Anabadwa ndi nthenda ya m'magazi yomwe inkamupweteka mpaka m'mafupa. Anzake akamasewera fulaye, iye ankakhala ali gone kuchipatala. Madokotala anati malangizo amene thupi lake linkatsata popanga magazi anali olakwika chibadwire.

Pachipatalapo panali Dokotala Nkhwazi, mayi amene imvi zinawamerera mu labotale. Atalephera kambirimbiri, anakwanitsa kupanga kolomozomu, kaulusi kosaoneka ndi maso konyamula malangizo a chibadwa, kofanana ndi timene tili m'maselo a munthu aliyense. Koma kaulusi ka dokotalayo kanali ngati chotengera chopanda kanthu, chongodikira katundu.

Katunduyo anachokera kwa Pilirani, mlongo wake wa Ndaziona. Mnyamatayu ankaopa jakisoni kuposa njoka, komabe anatsinzina n'kutambasula mkono. M'magazi ake dokotala uja anatapamo malangizo abwino n'kuwalongedza m'kaulusiko.

Vuto linali lakuti mankhwalawo anali asanayesedwepo pa munthu, ndipo makolo a Ndaziona anachita mantha. Pa bedi loyandikana ndi lake pankagona Nasibeko, mayi wa ana awiri, wodwala nthenda yomweyo.

"Yambirani ine," anatero Nasibeko. "Zikavuta, mwanayu musamukhudze."

Atalandira, anatentha thupi mpaka abale ake anayamba kulira. Madokotala anaona polakwika n'kukonza. Nasibeko anadzuka ali bwinobwino, ndipo Ndaziona atalandira naye, ululu uja unatheratu.

Patapita zaka, Ndaziona anakwatiwa n'kubereka mwana wamkazi wathanzi. Mwamuna wake anamuuza kuti, "Amene anakupulumutsa ndiye atche mwanayu dzina." Tsiku lotuluka m'chikuta Ndaziona anaitana onse atatu, Dokotala Nkhwazi, Pilirani ndi Nasibeko, mtima uli m'mwamba.

"Mwanangu, popanda chotengera chija, malangizowo akanafika bwanji m'thupi mwako?" anatero Dokotala Nkhwazi.

Pilirani anaseka. "Achemwali, chotengera chopanda kanthu chinachiritsapo ndani?"

Nasibeko anasisita kaphazi ka khandalo. "Ine sindinapange kalikonse," anatero. "Ndinangogona pa bedi paja, ana anga akundisuzumira pawindo."

Ndaziona anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, misozi ili lengelenge. Mwana anayamba kulira m'manja mwake, ndipo anthu onse pakhondepo anali kudikira.

Nanga inu mwamva nkhaniyi, Ndaziona apereke khandalo m'manja mwa ndani kuti alitche dzina?