Chifuwa Chosatsokomola

A Telala, mayi wa ana atatu, ankapalasa makina pakhonde mpaka msana kuuma. Maso awo onse anali pa mwana wachisamba, mtsikana amene ankakonzekera mayeso omaliza a sekondale. Iye akangoti, "Amayi, chifuwa chayambanso," iwo ankatuma mng'ono wake kukagula mankhwala amadzi aja a m'botolo, makina osaima n'komwe.

Tsiku lina alamu awo, amene ankasesa pasukulu ya mtsikanayo, anabwera ndi siketi yoti ipindidwe. Anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu.

"Alamu, mwanayu munamumvapo akutsokomola?"

"Ndizikhalira kumvetsera zifuwa ine? Nanga zovalazi asoke ndani?"

"Kuseri kwa zimbudzi ndimatolako mabotolo odzaza ndowa. Anawa amathira mankhwalawo m'zakumwa, n'kumasinza m'kalasi ngati nkhuku zachitopa. Kwa iwo, 'ndili ndi chifuwa' ndiye kuti botolo lapezeka. Wanuyu ali m'gulu lomwelo."

A Telala anadula ulusi ndi mano. "Inu sesani zinyalala, musandisesere mwana. Anu aja sukulu inawakanika, ndiye mukuwafunira anzawo?"

Alamuwo anatola siketi yawo yosapinda, napita.

Mtsikana uja anayamba kudzuka dzuwa litakwera, maso ali psuu. A Telala anati n'kuwerenga. Aphunzitsi ataitanitsa kholo, a Telala anati mayunifolomu a eni ake sadikira.

Tsiku la mayeso a masamu, woyang'anira anachita kumugwedeza mtsikanayo paphewa nthawi itatha. Papepala panali dzina lokha ndi dontho la dovu. Zotsatira zitatuluka, anali atalephera phunziro lililonse.

A Telala sanakalipe. Analowa kuchipinda kwa mwanayo ndi tsache, nalipisa kunsi kwa bedi. Mabotolo anagubuduka, ngwee ngwee, ambiri mwa iwo ogulidwa ndi ndalama za mayiwo. Anayang'ana khoma lamatabwa lolekanitsa zipinda zawo, lopyapyala moti ankamva mwanayo akamatembenuka. Chaka chonse sanamvepo ngakhale "kho" mmodzi.

Anaphimba makina, naponda njira ya kwa alamu awo.

"Bweretsani siketi ija," anatero ali chiimire pakhomo. "Ndipo mawa mundiperekeze naye kuchipatala. Sindikudziwa poyambira."

"Lowani kaye, alamu. Chaka chapita, koma mwana akadalipo."

A Telala analowa mutu uli pansi. Khutu limawawa ndithu akalikoka, koma wakutsina khutu ndi mnansi.