Khomo la Thanki Silinachepe

Kuchipinda cha injini cha sitima ina yonyamula katundu, mfumu anali a Sizima. Dzinali silinali la makolo ayi. Analipata chifukwa pa zaka makumi atatu ali injiniya wamkulu, injini yawo inali isanazimepo pakati pa nyanja. Ankalinyadira kuposa mwana, ndipo ulendo uwu unali womaliza asanapume pantchito.

Nthawi zinali zitasintha. Madoko ambiri anayamba kukana sitima zofuka utsi wakuda, choncho eni sitima analamula kuti asiye mafuta akale aja, olemera ngati phula, ayambe atsopano opangidwa kuchokera ku zomera. Mayi woyendetsa bwato lobweretsa mafuta anakwera yekha kudzawachenjeza.

"Bambo, mafuta awa ndi aukhondo, koma ndi akazitape," anatero mayiyo. "Akalowa m'thanki amakokolola nsenga zonse zakale n'kuzipititsa ku injini. Thanki yanu mwaitsuka?"

"Mayi, ine ndinayamba kulowa m'mathanki inu mukuyamwa," anayankha a Sizima. "Ndikaiona ndekha lero lomwe."

Pamenepo ndiye panali nkhani. Khomo la thanki ndi kabowo kozungulira, kongokwana munthu mmodzi, ndipo a Sizima anali ndi lamulo lawo loti m'menemo mumalowa iwo okha. Kale ankangoti lowu! ngati njoka. Koma zaka zinabwera ndi mimba, mimba nayo sinabwere yopempha malo. Zaka zinayi zinali zitatha asanapondemo, ndipo sanauzepo munthu.

Wachiwiri wawo, bambo waimvi wowonda amene anzake ankamutcha Nsungwi, anayandikira mwaulemu.

"Achimwene, bwanji ndilowe ine? Inu muziniunikira muli pamwamba."

"Iwe Nsungwi, ukufuna mpando wanga ndisanachoke? Pita ukaone mapampu."

Atatsala okha anayesa. Mutu unalowa, mapewa analowa mokakamiza, koma mimba inati ine toto. Anaunika ndi tochi pomwe maso anafika, napeza poyera. Kunsi kumakona, kumene nsenga zimagona, sanaoneko. Ndiye taonani zimene anachita munthu wamkulu ndi ndevu zake: anatapa mafuta akuda pamphepete pa khomolo, n'kudzipaka pachifuwa ndi m'mikono ya ovolosi, natuluka akupuma mwawefuwefu.

"Mwayera ngati m'mbale," anauza kaputeni. "Popani."

Masiku asanu oyamba zonse zinali myaa. Utsi unachepa, kuchipinda cha injini kunkanunkhira ngati kukhitchini, ndipo a Sizima ankayenda akuimba mluzu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi sefa ya mafuta inatsekeka. Nsungwi anaichotsa ili bii, phala lakuda lokhalokha. Anaika ina, nayonso inatsekeka dzuwa lisanapendeke. Anayamba kusintha ndi kutsuka masefa usana wonse, mpaka atsopano anatha m'bokosi. A Sizima ankangoti, "Mafuta amakonowa ndi achabechabe," koma mawu awo analibe mphamvu.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chitatu, doko lakwawo likuoneka poteropo, injini inatsokomola kawiri n'kuti zii. Amene sanagwirepo ntchito m'sitima sangadziwe kuopsa kwa bata limenelo. Nyanja inali yodekha, palibe anavulala, katundu anali bwinobwino. Chimene chinafa ndi dzina basi.

Kaputeni anaitanitsa bwato lokoka. Sitima yaikulu ija inalowa padoko ili pachingwe ngati mbuzi yopita kumsika. Pagombe panali akazi awo a Sizima ndi adzukulu atatu, atanyamula chinsalu cholembedwa kuti TAKULANDIRANI AGOGO SIZIMA. A Sizima anachiona ali pazenera, nabwerera pansi osakweza dzanja.

Atapopa mafuta onse kuwachotsa m'thanki, Nsungwi analowa. Anatulutsa ndowa makumi awiri za nsenga, n'kuzindandalika pakhonde. Kenako anakhala pambali pa a Sizima, akupukuta manja.

"Nsungwi," anatero a Sizima mawu ali pansi, "ine m'thanki muja sindinalowe. Khomo lija linandichepera."

"Khomo silinachepe, achimwene. Ndipo tonse timadziwa."

"Mumadziwa?"

"Munthu wolowa m'thanki amada kuyambira kumapazi. Inu zaka zinayi zonsezi mumatuluka chifuwa chili bii, nsapato zili mbee. Mlandu ndi wanganso: ndinaona, koma ndinaopa kukuchititsani manyazi, ndiye ndinangoti mwina munena nokha. Mukanangoti, 'Nsungwi, lowa,' ndani akanakusekani? Mimba ndi mlandu?"

A Sizima anayang'ana nsapato zawo nthawi yaitali. Zinawawawa kwambiri kuposa kuzima kwa injini, poti chinsinsi chimene anachisenza zaka zinayi, n'kutayirapo dzina la zaka makumi atatu, chinali chodziwika ndi wophika yemwe. Misozi inalengeza, ndipo sanaibise.

Anavula ovolosi, naipachika pamsomali kotsiriza, n'kutsika kukakumana ndi adzukulu awo. Wamng'ono kwambiri anawathamangira akufunsa chifukwa chake sitima ya agogo inabwera yomangidwa. Iwo anamunyamula, namuuza zoona zonse, kuyambira pa mimba.

Mawu awiri okha akanapulumutsa dzina lija, koma anakanika kutuluka pakamwa. Akuluakulu sananame: mbewa yamanyazi inafera kuuna.