Wokwera Hatchi wa Mayina Atatu

Ndagi! Musafulumire kuvomera kuti gize, chifukwa iyi si yosekera. Anachoka pakhomo mmodzi, anathamanga atatu, koma tsiku loitanidwa sanapezeke ndi mmodzi yemwe. Igwireni m'manja, tiyende nayo.

Panali mnyamata wina wochepa thupi, wopepuka ngati gaga. Amalume ake ankasesa m'makola a mahatchi ku Joni. Atabwera kudzaona kumudzi anamuyang'ana mnyamatayo nati, "Kuno kuchepa kwakoku amakuseka nako. Uko amakufuna chifukwa cha komweku." Ndipo anamutenga.

Kumeneko kunali mabwalo a mjaha, kumene mahatchi ankathamangitsana anthu akukuwa. Wokwera aliyense ankalembedwa m'kompyuta ya bungwe la okwera, pamodzi ndi mijaha yake yonse. Tsiku loyamba kalaliki anafunsa dzina. Mwana sayankha mkulu ali pomwepo, choncho anayankha ndi amalume: "Tsilizani." Linali dzina la ubwana, lomwe amayi ake ankamuitanira kudzasamba.

Tsilizani anakwera zaka zambiri. M'mawa nkhungu ikadali pa udzu, ankatsamira pakhosi pa hatchi n'kumainong'oneza m'Chichewa, hatchiyo n'kumagwedeza makutu ngati ya kwathu konkuno. Oonerera ankati sakwera ayi, amangotera ngati kakowa pamsana pa ng'ombe. Anapambana kambirimbiri.

Kenaka anabwerera kumudzi, nalowa kudambwe, natulukako mwamuna. Anamutcha Zalimba. Mwambo wake mukuudziwa. Dzina la ubwana limatsala komweko. Wokuitana nalo wakutukwana, ndipo iwe ukavomera, wadzivula wekha pagulu.

Anakwatira, nabwerera ku mahatchi, koma ku bwalo lina. Amalume anali atamwalira. Kalaliki wa kumeneko atafunsa dzina, anzake a kumudzi anayankha mwaulemu kuti, "Awa ndi a Mbewe." Munthu wapabanja satchulidwa dzina pamaso pa alendo, amatchulidwa mfunda. Kalaliki analemba. M'kompyutamo munali kale a Mbewe ena, ndipo kompyuta inawathira onse m'thumba limodzi.

Imvi zitayamba kuonekera, anasamukira ku bwalo lachitatu. Kumeneko anapita yekha, ndipo kwa nthawi yoyamba dzina lake analitchula ndi pakamwa pake: "Zalimba." Sipanapite nthawi, hatchi inapunthwa pokhota, inamugwera. Chiuno chinasweka.

Dokotala anati akhoza kuyendanso akamuchita opaleshoni n'kumuika chitsulo. Chithandizo chimenechi bungwe linkapereka kwa okwera okhalitsa okha. Zalimba sanade nkhawa. Ndani anakhalitsa pamsana pa hatchi kuposa iye?

Mnzake wina anamukankha pa njinga ya olumala mpaka ku ofesi ya bungwe. Pabenchi panali anyamata a kumudzi, osavinidwa, ongofika kumene kudzasesa makola. Kalaliki anali mtsikana wobadwira konko kwa makolo a kuno. Chichewa ankachidziwa, koma miyambo ayi.

Mtsikanayo anayang'ana m'kompyuta nati, "Madala, apa Zalimba ndi mlendo. Wayamba kukwera dzana dzanali."

"Mwanawe, ndinayamba kukwera iwe usanabadwe. Tayang'ana pa Mbewe."

"Za Mbewe zonse zinapita kwa Mbewe wina, amene anabwera ndi bondo. Anathandizidwa kale."

Anasakasakabe, mpaka maso ake anawala. "Dikirani! Pali wina apa, msinkhu wanu womwewu, chaka chobadwa chomwecho. Anapambana zedi, kenaka anangosowa." Anakweza mawu mokondwera, ngati watola singano mumchenga. "Tsilizani! Tsilizani ndinu?"

Pabenchi wina anatsokomola pobisa phwete. Mnzake ananong'ona, koma momveka: "Aa, kodi madalawa ndi Tsili?"

Mtsikana anati, "Mungovomera basi, musaine apa. Mawa mukagonekedwa kuchipatala."

Zalimba anayang'ana anyamata aja. Anayang'ana miyendo yake, itagona pa njingapo ngati ya munthu wina. Kenaka anati, "Ameneyo sindimudziwa."

"Madala, ganizani bwino."

"Ndati sindimudziwa."

Mtsikana anadina batani.

M'mawa mwake Zalimba anabweranso, atadzikankha yekha, manja atatupa. Pabenchi panalibe munthu. Anasendera pafupi, mawu ali pansi. "Mwananga, uja wa dzulo uja. Ndi ine."

Mtsikanayo anagwira pakamwa. "Madala, dzulo munakana pamaso pa anthu, ndipo ine ndinalemba kuti mwakana. Patsekedwa. Ndikatsegulapo lero, adzati inu ndi ine tapangana kuba dzina la munthu wina."

Zalimba anagwira magudumu. Anatembenuza njinga, natuluka.

Ndagi ija mwaiona tsopano. Mmodzi anachoka pakhomo. M'kompyuta munathamanga Tsilizani, Mbewe ndi Zalimba. Tsiku loitanidwa, woyamba sakanavomera, wachiwiri anali atatengedwa ndi wina, wachitatu anali khanda.

Ena mwa inu munena kuti anali wonyada. Nenani, miyendoyo si yanu. Koma ine ndikufunsa inu amene mumalemba mayina a anzanu, kusukulu, kuchipatala, pantchito. Mumalemba zimene wanena woyandikana naye, mwiniwake ali chete pomwepo. Kompyuta sidziwa kuti munthu amakula n'kusiya dzina monga amasiyira malaya omuthina. Imangomeza chimene mwaipatsa, ndipo sibweza. Funsani mwini, ndipo mufunseni pansipansi. Inunso a pabenchi, phwete lanu ndi laling'ono, limatha msanga. Amene munamusekayo adzakwawa moyo wake wonse.

Zalimba anabwera kumudzi pa basi, mlamu wake anachita kumubereka pomutsitsa. Abale anasonkhana pakhonde kuti amve chifukwa chake bungwe silinamuthandize. Mnzake amene anamuperekeza anafotokoza mozungulira, posafuna kutchula chosatchulika. Anati kompyuta ikunena kuti mijaha yonse ija anathamanga ndi munthu wina, amene anasowa. Amuna anawerama. Amayi anayang'ana kumbali. Onse anamva.

Mwana wamkazi wa Zalimba, kamtsikana kongoguluka mano kumene, anali atatsamira pa gudumu la njingayo, akuliseweretsa ndi chala. Anadzutsa mutu, nayang'ana nkhope zonse zija mmodzimmodzi, ndipo palibe anafuna kukumana naye maso.

"Ababa, munthu wosowayo, bwanji osangomuitana dzina lake, abwere?"