Mtima wa Thole Lachitatu

Panali mayi wina, Namaseko, amene bambo ake pomwalira anamusiyira ng'ombe zazikazi zinayi ndi nkhunzi yakuda ya linunda lalikulu. Nkhunziyo ankainyadira. Sankalola kuti ng'ombe zake zidyere limodzi ndi za anzake kudambo, kuopa kuti angamubere mtundu.

Patapita zaka, mathole anayamba kufa. Thole limabadwa bwinobwino, koma likangoyamba kudya msipu, limayamba wefuwefu, pachifuwa n'kutupa, n'kugwa. Loyamba anati ndi tsoka. Lachiwiri anati apa pali munthu.

Mlamu wake akadutsa pafupi ndi khola, iye ankapita kukaunguza pomwe waponda. Analeka kumwetsa pachitsime cha onse. Mpanda anauwonjezera minga. Lachitatu linafabe.

Anayamba kukayikira a Chagunda, aneba ake opha ng'ombe pamsika, chifukwa tsiku lina anayamikira matholewo. Anakweza thole lakufalo pawilibala, ulendo pakhomo pawo.

"Litumbuleni nokha, muone zimene mwalidyetsa!"

A Chagunda anatenga mpeni. Anatumbula. M'mimba munali udzu wokhawokha. Koma mtima unali waukulu ngati wa ng'ombe yokoka ngolo, wolobodoka ngati chiguduli chonyowa.

"Mayi, bambo wa tholeli ndi uti?"

"Yakuda ija, nanga pali inanso?"

"Nanga make anabadwa kwa nkhunzi iti?"

"Yomweyo."

"Ndiye poizoni wangayo walowera pati? Nthendayi ndi ya m'magazi. Nkhunzi ili nayo mobisika, inapatsira ana ake aakazi, inu n'kumaibwezanso kwa ana omwewo. Nthendayi ikachokera kwa bambo ndi kwa mayi, mtima wa thole sulimba."

Namaseko anafunafuna wina womuloza chala, osamupeza. M'khola munatsala misoti iwiri yofika pokweredwa, ndipo akanazengereza, mathole a misotiyo akanafa imfa yomweyo. Koma akaona nkhunzi ija ankaona bambo ake.

Mawa lake anaitana alangizi a ziweto. Pomwe ankaifula nkhunziyo, chingwe anagwira yekha. Misoti anakaipereka kwa nkhunzi ya mudzi wina.

Inu mukundimvera apa, ine sindizungulira. Vuto likakugwerani katatu, lofanana ndendende, musathamangire pakhomo pa aneba. Lowani m'khola mwanu, muunike bwino zimene makolo anakusiyirani. Zambiri n'zoyenera kusunga. Zina zimafunika mugwire chingwe nokha.