Chubu cha Njinga ndi Dothi la Mtapo

Panali munthu wina wokonza njinga, m'mudzi wakutali ndi msika. Munthuyu ankakhulupirira chubu cha njinga kuposa chinthu china chilichonse. Ndowa ikabooka, ankamata ndi chubu. Mpini wa khasu ukang'aluka, ankakulunga ndi chubu. Anthu ankamuseka kuti tsiku lina adzamanga nacho ndi mwendo wothyoka womwe, iye n'kumangoyankha kuti chubu sichinamunamizepo. Ndipo kunena zoona, zaka zonsezo chinali chisanamunamize.

Anali ndi ng'ombe imodzi yokha, imene anailera zaka zitatu. Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala ng'ombe ija inagwera m'chigwembe n'kuthyoka mwendo. Umenewu ndiye unali mwendo woti chubu sichikanamanga. Panalibe kuchitira mwina, anaipha.

Nyama anagawirako abale ndi anansi, koma yotsala inali yambiri, ndipo ndi kutentha kumeneko nyama siigona masiku awiri. Ikanawambidwa bwino, banja lake likanaona ndiwo mpaka miyezi ya njala. Ikapanda kuwambidwa, ndiye kuti zaka zitatu zija anawetera ntchentche.

Kuseri kwa nyumba yake kunali uvuni wa njerwa umene mkazi wake ankaphikiramo masikono. Munthu uja analenga nyama, naithira mchere, nayala mawaya m'kati mwa uvuni, n'kudula lata kuti likhale chitseko. Koma lata ndi njerwa sizikumana bwino. Kuzungulira chitseko chonse kunatsala mpata wolowa chala. Iye ankadziwa chimene mpata wotere umachita: utsi umathawira kunja, mphepo imalowa m'kati, moto n'kulilima, ndipo nyama imapserera kunja m'kati ili yaiwisi. Panafunika chinthu choti chikhale pakati pa chitseko ndi khoma.

Sanaganize kawiri. Anatenga chubu chakale n'kuyamba kuchicheka timizere.

Ali pakati pocheka, anafika mlongo wake wamkulu, mayi woumba miphika, amene anabwera kudzatenga gawo lake la nyama. Ataona zimene zinkachitika, anabwerera kwawo, n'kubweranso ndi mpukutu wa dothi la mtapo losakaniza ndi phulusa. Anamuuza kuti akatseka chitseko amate dothilo kuzungulira mpata wonse, ndipo akafuna kutsegula aligumule, kenako amatenso lina.

Wokonza njinga analiyang'ana dothi lija monyansidwa. Anati zimenezo ndi zodetsa manja, ndipo munthu sangamakande matope ulendo uliwonse akafuna kutembenuza nyama. Chubu ukhoma kamodzi basi. Ndi chofewa, chimapindika kutsata paliponse pamene njerwa yakhota, ndipo sichivutitsa. Anachikhomera m'mphepete mwa lata, natseka. Chitseko chinagwira kuti gwa.

Kenaka anachiyesa mmene iye amayesera zinthu. Wokonza njinga akamata chubu amachiviika m'madzi kuti aone ngati chikutulutsa mpweya, ndipo m'moyo wake wonse mayeso amene ankawadziwa ndi amenewo. Anatunga ndowa yodzaza n'kuikhuthulira pachitseko. Atatsegula, m'kati munali mouma, osalowa ngakhale dontho.

"Mwaona, achemwali?" anatero.

"Ndaona, achimwene. Koma mu uvunimo simukhala madzi. Dulani kachidutswa muponye pamakala, muone kaye."

Iye anaseka, nati nthawi yoseweretsa makala alibe, nyama ikumudikira. Mlongo wake sanalimbane naye. Anasiya mpukutu wa dothi uja pakamwa pa uvuni, pamene amasonkhezerapo moto, anatenga nyama yake n'kumapita.

M'mawa mwake munthu uja anapachika nyama yonse pamawaya. Sanasiyeko ngakhale nthuli yoyesera. Anakoleza moto wa zitsononkho ndi nkhuni zaziwisi, natseka chitseko. M'mawa wonse chubu chinagwira ntchito yake mosiririka. Utsi sunatuluke m'mbali ngakhale pang'ono, unkangokwera pakabowo kapamwamba. Anthu odutsa ankaima n'kumayamikira, ndipo mtima wake unakhala pansi. Anapita kukakonza njinga ya munthu wina patsinde pa mango.

Dzuwa litapendeka, mkazi wake anabwera kudzamuuza kuti kuseri kukumveka fungo la matayala. Iye anati ndi fungo la m'manja mwake lomwe, wakhala akugwira matayala tsiku lonse. Anamaliza kaye njinga ija.

Atapita kukatsegula, chitseko chinakana. Anakoka mwamphamvu, chinamatuka chikukoka ulusi wakuda ngati phula. Lata linali litatentha, chubu chinafewa, n'kusungunuka, n'kumadonthera pamakala m'kati. Utsi wakuda unamuwomba kumaso. Ndipo poti m'mbali zina chubu chinali chikadagwirabe, utsi woipawo unasowa pothawira. Unakhala m'menemo ndi nyama masana onse.

Pooneka, nyama inali yokongola, yofiirira bwino. Anadula kanthuli n'kuika m'kamwa, nthawi yomweyo analavula. Anadula kena kapamwamba, chimodzimodzi. Anatsuka ina, anawiritsa ina ndi mchere wambiri, koma fungo linali litalowa mpaka pafupa. Anaponyera galu. Galu ananunkhiza, n'kukagona pamthunzi.

Munthu uja anakhala pansi pafupi ndi uvuni, mtima ukumuwawa, pakuti ng'ombe yake inali itafa kawiri. Maso ake anagwera pa mpukutu wa dothi uja, umene unakhala pakamwa pa uvuni tsiku lonse, pafupi ndi moto kuposa chubu. Anaunyamula. Unali utauma gwa, wofiira ngati njerwa, ndipo zala za mlongo wake zinkaonekabe pamene anaugwira.

Tsopano nthano imeneyi ndakambira inu awiri amene mwakhala pamaso pangapa, amene mukuti mwezi wamawa mukumanga banja. Mwamuna ndi mkazi ali ngati lata ndi njerwa: ngakhale akondane bwanji, penapake mpata umatsala, ndipo n'chifukwa chake pamakhala ankhoswe. Ndakufunsani kuti mwasankha ndani, mwanditchulira anzanu amene mumaseka nawo, amene amavomera chilichonse mwanena. Malume anu aja mwawalumpha, mukuti ndi ovuta, amalankhula zokanda, ndipo nkhani imodzi amaibwereza kangapo.

Anzanuwo sindikuwanyoza. Pamasiku ozizira agwira bwino ndithu. Koma inu mwawayesa paphwando, pamene ntchito yawo ili pamoto. Tsiku limene m'nyumba mwanu mudzatenthe, wofewa uja adzasungunuka, ndipo zimene adzadonthezere m'banja mwanu simudzazitsuka. Musanakhome msomali, pitani mukafunse: munthu ameneyu, mkangano utafika pamaso pake, anachita chiyani? Ngati palibe amene anamuonapo pafupi ndi moto, musamuike pachitseko chanu.