Mtengo Umene Unakulira M'chitini

Ana inu mumakonda mawu akuti "ndidzachita", ngati kuti mawa ndi mnzanu woti adzakudikirani panjira. Imvani tsono za Lufeyo Mbewe, munthu amene sanali woipa mtima ngakhale pang'ono, koma anachedwa.

Lufeyo anali wa ku Zomba, koma anakwatira ku Ntcheu, nakhala pachikamwini kwawo kwa mkazi wake, Nasibeko. Mwana wawo wamkazi, Esinala, atabadwa, amayi a Lufeyo anabwera kudzaona mdzukulu atanyamula mapeyala a mtengo wa pakhomo pawo. Lufeyo anadya limodzi n'kusunga njere yake. Anatenga chitini chakale cha palafini, anachiboola pansi, nathiramo dothi la kudzala, n'kukwirira njere ija nsonga itayang'ana kumwamba. Posakhalitsa njere inang'ambika ndipo kamtengo kofiirira kanatulukira.

"Bambo a Esinala, bwanji osakabzala pansi mvula ikadalipo?" anafunsa Nasibeko.

"Pansi pa yani?" anatero Lufeyo. "Mkamwini sabzala mtengo pamalo a eni. Ndipite kaye ku Joni ndikagwire ntchito. Ndikabwera ndidzakupemphani chitengwa, tidzapite kwathu. Mtengowu tidzaubzala kumeneko, mwanayu adzadye zipatso za pakhomo pa bambo ake."

Mawu abwino ndithu. Koma Joni ndi dziko lomeza anthu. Chaka chilichonse Lufeyo ankati "chaka chamawa ndibwerera", mpaka anthu anayamba kumutchula mtchona. Nasibeko ankathirira kamtengo kaja ndi madzi otsukira mbale, osayerekeza kukabzala pansi, poti ankasunga mawu a mwamuna wake. Ali chidikirire choncho anadwala, n'kumwalira.

Esinala analeredwa ndi malume ake, a Dzimbiri. Iwowo ndiwo anamubereka kupita naye kuchipatala atadwala chikuku, ndiwonso anamuphunzitsa kugwira khasu. Mwanayo anapitiriza kuthirira kamtengo, osati chifukwa cha bambo amene sankawadziwa, koma poti ndi zimene amayi ake ankachita.

Lufeyo anabwera Esinala ali msinkhu wosenza ndowa yodzaza. Anamubweretsera nsapato, koma zinali za mwana amene iye ankamukumbukira, moti sizinalowe n'chala chomwe. Esinala anagwada mwaulemu nati, "Takulandirani, a Mbewe."

A Mbewe! Mawuwo anamulasa mumtima. Kuyambira tsiku limenelo Lufeyo ankafuna chinthu chimodzi chokha padziko pano: kumva mwana wake akumuitana kuti bambo.

Kuseri kwa nyumba anapeza kamtengo kake kakadali m'chitini chadzimbiri, kopinimbira, kolekeza m'chiuno. Anapita kwa a Dzimbiri. "Alamu, ndiloleni ndiubzale pompano. Sindichokanso."

"Bzalani, alamu," anayankha a Dzimbiri. "Mukanapempha kalelo, ndani akanakukanizani?"

Lufeyo anakumba dzenje lalikulu, nathiramo manyowa a ng'ombe, nang'amba chitini chija n'kuika mtengo pansi. Anaumangira mpanda kuti mbuzi zisaudye. M'chilimwe ankapita yekha kumjigo kukatunga madzi, azimayi a m'mudzi akumuseka. Ndipo mtengowo unavomera. Unaphuka, unapitirira denga la nyumba, mpaka aliyense wodutsa ankati Lufeyo ali ndi dzanja. Esinala nayenso sankasowa kanthu: zovala, sopo, za kusukulu. Ankathokoza atagwada, koma ankati, "Zikomo, a Mbewe."

Chaka chimene Esinala anapeza mwamuna womufunsira, mtengo unachita maluwa koyamba, kenaka timapeyala tinalendewera nthambi zonse. Lufeyo ankayenda ngati mnyamata. "Peyala loyamba kukhwima ndi lako, mwana wanga," anamuuza. Mumtima ankati akadzalawa chipatso chimenecho adzadziwa kuti bambo ake ankamuganizira kuyambira tsiku lobadwa.

Mvula yoyamba inabwera masana ndi chimphepo. Mitengo ya mango inangoyoyoka masamba. Koma kuseri kwa nyumba kunamveka chiphokoso, ndipo mvula itakata anapeza mtengo wa peyala uli gone pansi, utazuka wonse. Anthu atasuzumira m'dzenje anagwira pakamwa. Mizu yake sinapite pansi, sinapitenso m'mbali. Inali yopotana, yozungulira malo amodzi ngati nkhata, monga momwe inazolowerera m'chitini muja. Zaka zonsezo mtengo unkakula kumwamba kokha.

Lufeyo anatola timapeyala tija n'kutivundika m'gaga. Koma peyala losakhwima silipsa. Tonse tinafota n'kuda bii.

Esinala anawapeza bambo akewo atakhala pa thunthu la mtengo, atagwira mizu ija. Anagwada pambali pawo, misozi ili chuchuchu.

"Ndayesa, a Mbewe," anatero. "Ndikudziwa chimene mumafuna. Liwulo limafika pakhosi n'kubwerera. Nthawi imene ndinkaphunzira kuyankhula, panalibe woti ndimuitane choncho."

Lufeyo analira ngati mwana. Atatonthola anayang'ana mizu ija nati, "Sunalakwe, mwana wanga. Manyowa ndinathira, madzi ndinatunga, koma m'mera mpoyamba."

Mawu amenewo ndiwo anatsala pakamwa pa anthu mpaka lero: m'mera mpoyamba. Akuluakulu akatero amatanthauza kuti chinthu chilichonse, kaya ndi mbewu, mwana, banja kapena maphunziro anu omwewa, chimatenga mphamvu zake pachiyambi. Chimene wachimana chili chanthete sungachibwezere chitakula, ngakhale utabwera ndi ngolo ya manyowa. Masamba akhoza kukunamizani, koma mphepo ikabwera imafunsa mizu.

Lufeyo anakhala pamudzipo mpaka ukalamba, ndipo Esinala anamusamala bwino lomwe. Tsiku loika maliro ake, Esinala anagwira bokosi n'kulira mokweza kuti, "Bambo anga ine!" Mudzi wonse unamva, kupatula mwini wake.